Thandizo la homuweki ya fizikisi: mafunso ndi mayankho pa lamulo lakuti mwana ayambe wayesa yekha

Ife amene timathandiza ana a Amalawi pa phunziro la fizikisi kuno ku Johannesburg timakumana Loweruka lililonse m'holo ya tchalitchi china ku Rosettenville, ndipo mkati mwa sabata timalandira mafunso pa WhatsApp. Tili ndi lamulo limodzi limene makolo ena adandaula nalo, lakuti sitithandiza mwana pa funso la homuweki asanatiwonetse zimene wayesa kale. Pano tikuyankha zimene makolo amatifunsa kawirikawiri.

Kodi thandizoli ndi la ana ati?

Ndi la ana a Grade 10, 11 ndi 12 amene akutenga Physical Sciences, phunziro limene kuno limaphatikiza fizikisi ndi kemisitiri. Makolo akumbukire kuti mwana wotenga phunziroli ayenera kutenganso Mathematics, osati Mathematical Literacy.

N'chifukwa chiyani simungomuuza mwana yankho, popeza inu mumalidziwa?

Chifukwa chake n'chakuti yankho lomaliza ndi gawo laling'ono chabe la zimene ochonga mayeso amayang'ana. Pa mayeso a matric, omaliza a Grade 12, pepala loyamba la Physical Sciences ndi la fizikisi, lili ndi malikisi 150 ndipo limalembedwa kwa maola atatu. Pa funso lowerengera, malikisi amagawidwa: ena ndi a fomula yolondola, ena ndi a kuika manambala m'malo mwake, ndipo otsala ndi a yankho lokhala ndi yuniti yake. Mwana amene wazolowera kukopera nambala yomaliza amalowa m'chipinda cha mayeso alibe njira yofikira pa nambalayo.

Chifukwa china, chimene ife timachiwona kukhala chachikulu, n'chakuti cholakwa cha mwana ndicho chimatiuza pamene pali vuto. Mtsikana wina wa Grade 10 anatitumizira funso la tekisi imene ikuthamanga pa liwiro la 60 km/h, n'kuima patatha masekondi 4, ndipo funsolo linkafuna mtunda umene tekisiyo yayenda ikumanga mabuleki. Iye anapeza mamita 120. Fomula imene anasankha inali yolondola, kuwerengera kwakenso kunalibe banga, koma sanasinthe 60 km/h kukhala 16,67 m/s. Tinangomufunsa ngati anawonapo tekisi ikumanga mabuleki kwa mtunda woposa bwalo lonse la mpira isanaime. Anakhala chete pang'ono, n'kutenga pensulo, kugawa 60 ndi 3,6, ndipo anapeza mamita 33,3. Tikanangomulembera yankho, bwenzi mpaka lero akuganiza kuti vuto lake ndi fomula, chonsecho vuto linali mayuniti.

Nanga ngati mwana sakudziwa n'komwe poyambira, atumize chiyani?

Sitikufuna ntchito yomalizidwa, ndipo sitikufuna kuti ikhale yolondola. Mwana ajambule funso lonse monga lilili m'buku, alembe manambala amene wapatsidwa pamodzi ndi mayuniti ake, alembe chimene funsolo likufuna, kenako ajambule chithunzi, ngakhale chokhotakhota. Ngati funso ndi la malamulo a Newton, chithunzicho chiwonetse ndi mivi zonse zimene zikukoka kapena kukankha chinthucho, ndipo mwanayo asankhe mbali imene akuiwerengera kuti ndi ya pulasi. Ana ambiri akafika pamenepa amapeza okha fomula yoyenera pa pepala la mafomula limene amapatsidwa pa mayeso. Amene sanaipeze alembe chiganizo chimodzi chonena pamene wakakamira, ndipo ife tidzayambira pomwepo.

Kodi mumaphunzitsa m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Timafotokoza m'Chichewa, koma mayina a zinthu timawasiya m'Chingerezi, ndipo timachita zimenezi mwadala. M'Chichewa timati mphamvu potanthauza force, timatinso mphamvu potanthauza energy, ngakhalenso power, pamene mu fizikisi izi ndi zinthu zitatu zosiyana zokhala ndi mayuniti osiyana: newton, joule ndi watt. Chimodzimodzinso kulemera, kumene kumaimira mass ndi weight nthawi imodzi. Mwana akanena kuti thumba la ufa ndi lolemera makilogalamu 10, timamufunsa kuti anenenso chiganizocho m'mawu a mayeso, mpaka azindikire yekha kuti 10 kg ndi mass ndipo weight yake ndi 98 N.

Mwana wanga wangobwera kumene kuchokera ku Malawi. Kodi pali kusiyana kumene ayenera kudziwa?

Fizikisi ndi imodzi kulikonse, koma kalembedwe kamasiyana. Kuno manambala osakwana amalembedwa ndi chizindikiro cha comma (,) m'malo mwa kadontho, ndipo pepala la mafomula limapereka g, nambala yosonyeza momwe liwiro la chinthu chogwa limachulukira pa sekondi iliyonse, kuti ndi 9,8 m/s², pamene ana ambiri ochokera kumudzi anazolowera kugwiritsa ntchito 10 kuti masamu aphweke. Kusiyanaku kumawoneka kochepa, koma kumasintha yankho. Mwala wogwa kuchokera pamwamba pa Ponte, nyumba yosanja ya kuno ku Johannesburg yotalika mamita 173, ungafike pansi patatha masekondi 5,94 ngati tisiya kuwerengera mpweya, koma wogwiritsa ntchito 10 apeza 5,88, ndipo wochonga sangalandire nambala imeneyo.

Ine fizikisi sindinaiphunzire. Ndingathandize bwanji mwana wanga?

Mungathe kuthandiza kwambiri kuposa momwe mukuganizira. Muuzeni akufotokozereni funsolo m'mawu akeake buku lili chotseka, ndipo akamaliza kuwerengera mumufunse ngati yankho lake ndi lomveka: kodi munthu angathamange pa liwiro limenelo, kodi galimoto ingalemere chotero? Yang'anani ngati nambala yomaliza ili ndi yuniti. Mabuku a Siyavula a Physical Sciences amawerengeka kwaulere pa intaneti, ndipo mapepala a mayeso a zaka zapitazi, pamodzi ndi mayankho ake, ali pa tsamba la unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale wa South Africa. Amene angathe apite naye mwanayo ku Sci-Bono Discovery Centre ku Newtown, kumene angagwire ndi manja zinthu zimene amangoziwona m'buku.

Kodi pali ntchito imene simuthandiza ngakhale mwana atayesa?

Ilipo. Mu Grade 12, gawo limodzi mwa magawo anayi a malikisi omaliza a phunziroli limachokera ku ntchito yochongedwa kusukulu. Ntchito iliyonse imene mphunzitsi wanena kuti ilowa m'malikisi amenewa sitiigwira, chifukwa imayenera kukhala ya mwanayo yekha. Chimene timachita ndi kupeka funso lina lofanana nalo, la manambala ena, n'kuyenda naye mwanayo pa funso limenelo mpaka amvetse, kenako abwerere ku lake payekha. Tikupempha makolo kuti potumiza funso azinena poyera ngati ndi la homuweki wamba kapena lochongedwa.