Antena ya Chitini: Zimene Ingathe ndi Zimene Singathe pa Wi-Fi Yanu

Anthu ambiri amene amandifunsa za kupanga antena yowonjezera mtunda umene Wi-Fi imafika amakhala ndi chithunzi chimodzi m'mutu, chakuti kachipangizoko kadzawonjezera mphamvu ya netiweki monga mmene munthu amakwezera mawu a wailesi. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo ndi amene amachititsa kuti ambiri akhumudwe akamaliza ntchito. Antena siipanga mphamvu, chifukwa ilibe batire ndiponso siilumikizidwa ku magetsi. Chimene imachita ndicho kusonkhanitsa mphamvu imene rauta, kabokosi kamene kamagawa Wi-Fi, ikutulutsa kale ndi kuilozetsa mbali imodzi. Nyali yoikidwa pakati pa chipinda imawalitsa paliponse koma mofooka, pamene tochi ya babu laling'ono imafika patali chifukwa kambale konyezimira kali kumbuyo kwake kamakankhira kuwala konse kutsogolo. Zimene mwapindula kutsogolo mwazilanda kumbuyo ndi m'mbali. Ubwino wake ndi wakuti phindulo limagwira ntchito mbali zonse ziwiri, potumiza ndi polandira.

Miyezo yonse ya antena imachokera pa kutalika kwa funde la wailesi. Wi-Fi ya 2.4 GHz (GHz ndi muyezo wa kugunda kwa mafunde pa sekondi) ili ndi funde lotalika pafupifupi masentimita 12.5, ndipo ya 5 GHz ili ndi funde la masentimita pafupifupi 6. Pa chifukwa ichi, antena yopangidwira 2.4 GHz siidzathandiza pa 5 GHz, ndipo munthu ayenera kudziwa kaye kuti zipangizo zake zikulankhulana pa mafunde ati asanadule waya aliyense. Pofuna mtunda wautali, 2.4 GHz ndiyo yabwinopo, popeza imapyola makoma mosavutikira kwambiri, komanso kulakwitsa muyezo ndi milimita imodzi sikuwononga zambiri monga kumachitira pa mafunde aafupi.

Antena yodziwika kwambiri yopangira pakhomo ndi ya chitini chachitsulo chotseguka kumodzi. Si chitini chilichonse chimene chingagwire ntchito. Kukamwa kwake kuyenera kukhala kwa mamilimita apakati pa 75 ndi 90, chifukwa chitini chopapatiza kuposa apa chimalephera kulowetsa funde la 2.4 GHz, ndipo chachikulu kwambiri chimalola mafunde kuyenda m'njira zingapo zosokonezana mkati mwake. Pambali pa chitinicho pamabooledwa bowo loikapo cholumikizira cha mtundu wa N, pamene pamalowa chingwe chopita ku rauta, ndipo pakati pa cholumikiziracho amawotchererapo kawaya kakopa kokhuthala, kowongoka bwino. Kawayako, kuyeza kuchokera pakhoma la chitini kulowa mkati, kayenera kutalika mamilimita pafupifupi 31, amene ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a funde.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa malo oboolapo. Funde likalowa m'chitini limatalika kuposa mmene limakhalira panja, ndipo kutalikako kumadalira kukula kwa chitinicho. Likagunda pansi pa chitini limabwerera, n'kukumana ndi funde lina limene likulowa kumene. Pena awiriwa amathandizana, pena amafafanizana. Kawaya kathu kayenera kuima pamene akuthandizana. Pa chitini cha mamilimita 90, malowa ali pafupifupi mamilimita 51 kuchokera pansi pake, pamene pa chitini cha mamilimita 83 ali pafupifupi mamilimita 62. Taonani kuti kusiyana kwa mamilimita asanu ndi awiri okha m'kukula kwa chitini kwasuntha bowo ndi sentimita yathunthu. N'chifukwa chake kutengera muyezo wa mnzanu pamene zitini zanu n'zosiyana kumangotayitsa nthawi. Chitinicho chikhalenso chachitali, chosachepera masentimita 16 ngati chili chamtundu waukuluwo, ndi pafupifupi 19 ngati chili chopapatizacho.

Chitini chopangidwa mosamala chimapereka phindu la ma dB pafupifupi 10, dB kukhala muyezo wa mmene mphamvu yakulira kapena kuchepera. Chilankhulo cha ma dB n'chosavuta: ma dB atatu alionse akutanthauza kuti mphamvu yawirikiza kawiri, ndipo pamalo popanda chotchinga pamafunika ma dB asanu ndi limodzi kuti mtunda uwirikize kawiri. Koma phindu lonseli likhoza kuthera m'chingwe. Chingwe chopyapyala cha RG-58 chimadya pafupifupi dB imodzi pa mita iliyonse pa 2.4 GHz, kotero kuti munthu amene wakweza chitini padenga n'kutsitsa chingwe cha mamita khumi wabweza zonse zimene anapeza. Ndaona antena zokongola, zoyezedwa bwino, zikugonja pa chifukwa chimenechi chokha.

Njira imene ine ndimaikonda imalambalala vutoli kotheratu. M'malo motsitsa mafunde ndi chingwe, mumakweza kachipangizo ka Wi-Fi ka USB ndi kukaika patsogolo pa mbale yachitsulo yakuya, kapena sefa ya waya yooneka ngati mbale, kenako n'kukalumikiza ku kompyuta ndi chingwe cha USB. Chingwe chimenechi chimanyamula uthenga umene wasanduka kale manambala, ndipo sufooka ngati mafunde, malinga ngati chingwecho sichipitirira mamita asanu amene USB 2.0 imalola. Mabowo a sefa si vuto ngati ali aang'ono kwambiri poyerekeza ndi funde. Malo oikapo kachipangizoko mumawapeza pochulukitsa kukula kwa kukamwa kwa mbale ndi nambala yomweyo, n'kugawa ndi kuya kwake kochulukitsidwa ndi 16. Mbale ya masentimita 30 yakuya masentimita 8 imasonkhanitsa mafunde pamtunda wa masentimita 7 kuchokera pansi pake. Popeza mbale zambiri sizinaumbidwe mwa masamu, sunthani kachipangizoko pang'onopang'ono mukuyang'ana zotsatira.

Musadalire timizere ta netiweki ta pafoni poyesa. Gwiritsani ntchito pulogalamu yoonetsa mphamvu mu dBm, muyezo wa mphamvu ya mafunde, podziwa kuti -50 ndi yamphamvu, -70 ndi yongokwanira, ndipo -80 imadukaduka. Tembenuzaninso chitini kuti kawaya ka mkati kaime mofanana ndi antena ya rauta, chifukwa imodzi ikaima pamene inzake yagona, mphamvu yambiri imatayika.

Ngakhale antena yabwino imafuna njira yotseguka. Madzi amameza mafunde amenewa, choncho mitengo ya masamba ambiri, makamaka mvula ikagwa, imafooketsa kulumikizana, monganso khoma la konkire lokhala ndi zitsulo mkati. Sikokwanira kuti antena ziwiri zizionana; mafunde amafunanso mpata wozungulira mzere wa pakati pawo, umene akatswiri amautcha dera la Fresnel. Pa mtunda wa kilomita imodzi, mpatawu umafika mamita oposa asanu mbali iliyonse pakatikati pa njirayo, ndipo gawo lalikulu la mpatawo liyenera kukhala lopanda denga kapena nthambi. Nthawi zambiri kukweza antena ndi mita imodzi kumapindulitsa kuposa kupanga ina yaikulu.

Lamulo nalonso lilipo. Dziko lililonse limaika malire a mphamvu yotuluka, ndipo amawerengera mphamvu ya rauta pamodzi ndi phindu la antena. Ku Ulaya, mwachitsanzo, malire a 2.4 GHz ndi mamiliwati 100, kotero kuti kulumikiza chitini ku rauta imene ikutulutsa kale mphamvu yake yonse kungakupyoletseni malirewo pokhapokha mutaitsitsa. Kufika pa netiweki ya munthu wina sikukupatsani chilolezo choigwiritsa ntchito. Antena ya panja itetezedwe ku mphezi, ndipo ikhale kutali ndi mawaya a magetsi.

Musanaboole chilichonse, yang'anani rauta yanu. Marauta ambiri amakono ali ndi antena zingapo zobisika mkati zimene zimagwira ntchito mogwirizana, ndipo alibe polumikizira chitini. Ngati yanu ili ndi antena zomasula, nthawi zambiri za cholumikizira cha RP-SMA, ntchito ingatheke. Ngati ilibe, pindani katoni yokutidwa ndi foyilo kukhala ngati uta, muyiimike masentimita ochepa kumbuyo kwa rauta moyang'ana kumene mukufuna netiweki, ndipo muyese ma dBm musanaiike ndi mutaiika.