Volovolo ya m'bokosi la ambuye: zimene zidindo zake zimanena

Mayi wina wa ku Katete anandibweretsera zithunzi za volovolo imene anaipeza m'bokosi lachitsulo la malemu ambuye awo, itakulungidwa m'nsalu yonona mafuta pamodzi ndi lamba wachikopa. Kubanja kwawo amati ambuyewo anali kapokola ku Fort Jameson, Chipata ya lero, ndipo mfutiyo anawapatsa ndi bwana wachizungu popuma ntchito. Funso lawo linali lakuti: “Kodi bambo, nkhani imeneyi tingaitsimikizire bwanji?” Pa ntchito yanga yofufuza zinthu zakale ndimalimva kawirikawiri funsoli, ndipo yankho lake limayambira pa chitsulo chenichenicho, ngakhale kuti silithera pomwepo.

Tisanafike ku mbiri, pali lamulo. Ku Zambia kuno Firearms Act imafuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi laisensi, ndipo laisensi ya munthu amene anamwalira siyenda ndi chuma chamasiye monga mmene imayendera njinga kapena ng'ombe. Choncho amene wapeza mfuti yotere akadziwitse apolisi msanga, asayende nayo m'minibasi, ndiponso aziiona ngati kuti ili ndi chipolopolo m'kati mpaka wodziwa ataiona. Kupitako kumathandizanso wofufuza, popeza ngati mfutiyo inalembedwapo m'kaundula wa mfuti, dzina la mwini wake wakale likhoza kupezeka mmenemo.

Chinthu chimene chimandiwawa kwambiri ndi sandipepa. Anthu ambiri akaona dzimbiri amapala mfuti kuti iwale, osadziwa kuti akufufuta umboni, pakuti zidindo zina n'zazing'ono ngati njere ya mpunga. Zimafunika kuzijambula masana, kuwala kukuchokera cham'mbali, kuti zilembo zofifia zioneke.

Mavolovolo ambiri a nthawi ya atsamunda anachokera ku Britain. Kampani ya Webley & Scott ya ku Birmingham inapanga Mark VI ya .455 (nambalayi imasonyeza kukula kwa chipolopolo), imene asilikali a Britain anaivomereza mu 1915, kenaka inapanganso Mark IV yocheperapo ya .38 imene apolisi a m'maiko ambiri olamulidwa ndi Britain anaigwiritsa ntchito. Mfuti yogulitsidwa ku Britain imayenera kuyesedwa kaye ndi wonga wamphamvu kuposa wamasiku onse, ndipo ikapirira amaidinda. Nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham inakhazikitsidwa mu 1813, ndipo zidindo zake zakhala zikusintha, n'chifukwa chake zimatithandiza kuwerengera zaka. Mwachitsanzo, zilembo BNP zokhala ndi chisoti chaufumu pamwamba zinayamba ndi malamulo a 1954, kotero mfuti yokhala nazo inayesedwa chaka chimenecho chitafika kapena pambuyo pake. Koma apa mpamene ambiri amasokonezekera: chaka choyesedwa si chaka chopangidwa. Volovolo ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikhoza kukhala ndi chidindo chimenechi chifukwa inayesedwanso pamene boma linkaigulitsa kwa amalonda. Kachizindikiro konga mutu wa muvi kamasonyeza kuti mfutiyo inali katundu wa boma la Britain, ndipo mivi iwiri yoyang'anizana nsonga imatanthauza kuti boma linaitulutsa m'manja mwake mwalamulo.

Ya mayi wa ku Katete ija sinali Webley ayi. Inali Smith & Wesson ya ku America, ya mtundu wa Military & Police umene unayamba kupangidwa mu 1899. Iwo anali atakopera nambala imene imaoneka munthu akatsegula gudumu la zipolopolo, koma imeneyo kawirikawiri imakhala ya kufakitale yongothandiza amisiri kuti asasokoneze zitsulo polumikiza. Nambala yeniyeni ili pansi pa chogwirira, pafupi ndi kamphete komangirirapo chingwe, ndipo yawoyo inayamba ndi chilembo V. Chilembochi n'cha mavolovolo otchedwa Victory a nthawi ya nkhondo yachiwiri ija, amene ambiri anatumizidwa ku Britain ndi maiko ogwirizana naye. Bungwe la Smith & Wesson Historical Foundation limalemba kalata kwa wolipira yofotokoza tsiku limene mfuti inatuluka m'fakitale ndi kumene inatumizidwa, monganso amachitira a kampani ya Colt pa mfuti zawo. Kalatayo ndi yodalirika, koma imakusiyani pa khomo la wogula woyamba. Za amene anaimangirira m'chiuno ku Chipata sinena kanthu.

Apa mpamene timatembenukira ku mapepala a kwathu. Fort Jameson inali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, pamene chigawochi chinaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia kupanga Northern Rhodesia, ndipo British South Africa Company inalamulira mpaka 1924. Apolisi a Northern Rhodesia Police poyamba ankagwira ntchito ya upolisi ndi ya usilikali yomwe, ndipo mbali ziwirizi zinalekanitsidwa cha mu 1932. Kudziwa zaka zimenezi kumathandiza kuyesa nkhani ya pabanja: ngati ambuye anapuma ntchito nkhondo yachiwiri isanayambe, mfuti ya chilembo V sangakhale kuti anapatsidwa tsiku lopumalo. Ku National Archives of Zambia ku Lusaka kuli mabuku a ma DC (mabwanamkubwa a maboma), magazeti a boma ndi mafayilo a nthawi imeneyo, ndipo wopita kumeneko atenge dzina lonse la kholo lake, nambala yake ya ntchito ndi malo amene anagwirako, chifukwa azungu ankalemba mayina athu mosiyanasiyana.

Kwa mayi aja, chothandiza kwambiri sichinali mfuti koma chikalata chopindapinda chimene chinali pansi pa bokosi lomwelo, chosonyeza nambala ya ntchito ya ambuye awo ndi chaka chimene anapuma, chimene chinali nkhondo itatha kale. Zaka zikugwirizana, motero nkhani ya banja ikhoza kukhala yoona, koma ndinawauza kuti pakadali pano alembe kuti “akuti anapatsidwa”, kufikira tsiku limene adzapeze pepala lokhala ndi dzina la ambuye ndi nambala ya pansi pa chogwirira ija pamodzi.