Tsiku loyamba ndi galimoto ya nitro yoyendetsedwa ndi rimoti

Ndakhala ndikukonza mainjini ang'onoang'ono kwa zaka zambiri, komabe nditatulutsa m'katoni galimoto yatsopano ya mtundu wa monster truck (yaitali msinkhu, ya matayala akuluakulu) yoyendera mafuta a nitro, chimene chinayamba kundidabwitsa ndi kulemera kwake. Munthu woiona patali angaiyese chidole cha ana, koma akainyamula amazindikira kuti m'manja mwake muli makina enieni: matayala akuluakulu onse anayi amakoka, muli magiya awiri osintha okha, muli kilachi ndi mabuleki, ndipo pakati pakhala injini ya silinda imodzi ya 3.5 cc. Magalimoto otere anatchuka kwambiri kampani ya Traxxas itatulutsa T-Maxx mu 1999, ndipo imene ndinali nayo ine ndi ya sikelo ya 1/8, kutanthauza kuti galimoto yeniyeni ndi yaitali kuiposa kasanu n'katatu.

Injiniyi ndiyo ifunika kuimvetsa bwino, chifukwa ndi yosiyana ndi ya njinga yamoto ngakhale kuti nayonso ndi ya two-stroke, yomwe imayatsa mafuta ulendo uliwonse pistoni ikakwera. Mafuta ake si petulo, koma ndi methanol (mtundu wa sipiriti) wosakanizidwa ndi mankhwala owonjezera mphamvu otchedwa nitromethane, kawirikawiri pafupifupi magawo 20 pa 100 alionse, pamodzi ndi oyilo amene amafewetsa zitsulo zonse za m'kati. Ilibenso pulagi yothetheka moto. M'malo mwake ili ndi glow plug, yomwe m'kati mwake muli kawaya kokhala ndi chitsulo chotchedwa platinum. Poliza injini kawayako mumakapsereza ndi batire ya mavoti pafupifupi 1.5, ndipo injini ikangolira batireyo mumaichotsa, chifukwa kutentha kwa m'silinda komanso kukumana kwa methanol ndi platinum kumasunga kawayako kali psuu.

Apa m'pamene eni magalimoto atsopano ambiri amagwa ulesi. Ndisanailize ndinayesa kupukusa injini ndi chala, ndipo pistoni inakakamira itayandikira pamwamba. Wosadziwa anganene kuti anamugulitsa katundu wowonongeka, koma zimenezi n'zochita kupanga dala. Pistoni ya injini zotere ilibe mphete, ndipo silinda yake imapanikiza pang'ono chakumtunda, kuti silindayo ikatentha n'kufufuma, pistoniyo ikwane ndendende popanda kuphonya mpweya. Pa chifukwa chimenechi mathanki oyamba, omwe nthawi zambiri amakhala asanu kapena kupitirira malinga ndi buku la wopanga, ndi ozoloweretsa injini basi. Mumayendetsa pang'onopang'ono, mafuta ali ochulukirapo, ndipo mukazimitsa mumaika pistoni pansi penipeni kuti silinda ikamazizira isaigwire. Kunena zoona, pa thanki yoyamba galimotoyi inali yaulesi, inkatsokomola, inkalavula oyilo ku ekizosi, ndipo inazima kawiri. Sindinade nkhawa, chifukwa injini yatsopano imene ikuthamanga mwaukali pa thanki yoyamba ndiyo imandiopsa.

Mafuta mumawachepetsa kapena kuwachulukitsa ndi singano ziwiri za pa kabuleta, ina ya liwiro lalikulu ndi ina ya liwiro laling'ono. Mukapotoza singano motsatira kayendedwe ka wotchi mafuta amachepa, injini imalira mokweza ndipo mphamvu zimawonjezeka, koma poti oyilo ali m'mafuta momwemo, ndiye kuti nayenso wachepa. Ine ndimadalira zinthu zitatu: utsi wabuluu pang'ono uzioneka galimoto ikamathamanga, kulira kusamadukeduke pa liwiro lalikulu, ndipo mutu wa injini usatenthe kupitirira madigiri 130 Celsius. Ndimapotoza pang'ono kwambiri nthawi iliyonse, kenako n'kuyendetsa kaye ndisanakhudzenso.

Itazolowera, galimotoyi inaonetsa chimene inapangidwira. Giya yachiwiri ikalowa, injini ikuzungulira maulendo oposa 30,000 pa mphindi, kulira kwake kumamveka patali, ndipo miyala, mizu ndi maenje imangozipondaponda. Chofooka chake chili poyera: ndi yaitali msinkhu, choncho mukaikhotetsa muli pa liwiro pamalo olimba imagudubuzika, ndipo ikagona chagada kwa kanthawi injini imazima chifukwa mafuta safikanso bwino.

Pali zinthu zina zimene sindinganyengerere. Musanailize, yatsani rimoti poyamba kenako galimoto, ndipo onetsetsani kuti failsafe ikugwira, ndiko kuti uthenga wa wailesi ya 2.4 GHz ukaduka, servo (kamota kamene kamakoka kabuleta ndi mabuleki) imatseka mafuta n'kumanga mabuleki. Galimoto yolemera makilogalamu angapo yothawa yokha ikhoza kuvulaza munthu kwambiri. Methanol ndi poizoni, ndipo lawi lake silioneka bwino masana, motero mafutawa akhale kutali ndi ana ndiponso musalize injini m'nyumba. Sefa ya mpweya ikhale yonyowa ndi oyilo wake nthawi zonse, popeza fumbi lochepa chabe likhoza kutha pistoni ndi silinda pa tsiku limodzi.

Madzulo ndinakhuthula mafuta otsala m'thanki, ndinaliza injini mpaka inazima yokha, ndipo ndinadonthezera oyilo woteteza dzimbiri m'kabuleta, chifukwa methanol amakoka chinyezi chimene chimadyetsa dzimbiri mabeyaringi. Poyendera mabawuti ndinapeza awiri atamasuka ndi kunjenjemera kwa injini, ndipo ndinawamanganso ndi mankhwala ogwiritsa ulusi wa bawuti.