Mafunso ndi Mayankho pa Dongosolo la Mphatso za Mzimu pa Nthawi ya Chipembedzo

M'mipingo yambiri ya kwathu kuno, kuyambira ya chipentekoste kufikira m'magulu a mapemphero a m'mipingo yakale, nkhani ya malilime ndi uneneri imasangalatsa ena pamene ena imawadetsa nkhawa. Mayankho ali m'munsimu atsamira pa malangizo amene mtumwi Paulo anapereka ku mpingo wa ku Korinto.

Kodi malangizowa anadza chifukwa chiyani?

Paulo anakhala ku Korinto chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi umodzi akuphunzitsa mawu a Mulungu, ndipo atachokako anawalembera kalata ali ku Efeso, cha m'ma 55 Yesu atabadwa. Iye mwini akuvomereza kumayambiriro kwa kalatayo kuti mpingowo sunasowe mphatso iliyonse. Chimene chinasowa ndi dongosolo, pakuti aliyense ankafuna kumveka, ndipo olankhula malilime ankaoneka ngati opambana anzawo. N'chifukwa chake mitu 12, 13 ndi 14 ya 1 Akorinto iyenera kuwerengedwa pamodzi. Mutu 13, umene timakonda kuuwerenga pa maukwati, Paulo anauika pakati pa nkhani ya mphatso kuti chikondi chikhale cholamulira kagwiritsidwe ntchito kake.

Kodi kulankhula malilime n'koletsedwa mu mpingo?

Ayi. Pa 14:39 Paulo akunena poyera kuti kulankhula malilime kusaletsedwe, ndipo akuyamika Mulungu kuti iye amalankhula malilime koposa onsewo. Komabe akuwonjeza kuti mu msonkhano angakonde kunena mawu asanu omveka, amene angaphunzitse ena, kusiyana ndi mawu 10,000 a m'malilime.

Nanga malire ake ndi otani?

Malire alipo atatu, ndipo onse ali pa ndime 27 ndi 28 za mutu 14. Olankhula akhale awiri, akachuluka atatu. Alankhule mosinthana, wina atatha mnzake. Ndipo pakhale womasulira. Ngati womasulira palibe, munthuyo akhale chete mu mpingo, alankhule mumtima mwake ndi Mulungu.

Ife Amalawi sitiyenera kuvutika kumvetsa lamulo la womasulira. Mlaliki akabwera wolankhula Chingerezi chokha, timaimika wina pambali pake kuti agogo a kumudzi nawonso amve uthenga, ndipo palibe amene amati potero tanyoza mlendoyo. Paulo akufunsa kuti munthu amene sanamve pemphero lako adzati bwanji "Amen", ndiponso kuti lipenga likalira mosadziwika bwino, adzakonzekera nkhondo ndani. Akuganiziranso mlendo wosakhulupirira amene walowa m'tchalitchi n'kupeza onse akulankhula malilime nthawi imodzi: ameneyo adzatuluka akunena kuti anthuwa achita misala. Ine ndimaona kuti muyeso wa zonsezi ndi munthu wakhala pa benchi la kumbuyo uja, ngati wapita kwawo atamva kanthu komulimbikitsa.

Munthu akati Mzimu wamugwira ndipo sangathe kudziletsa, timuyankhe bwanji?

Timuyankhe mofatsa, koma molimba mtima, ndi ndime 32, imene ikuti mizimu ya aneneri imamvera aneneriwo. Paulo sakanalamula munthu kukhala chete kapena kudikira mnzake zikanakhala kuti kutero n'kosatheka. Ngakhale mneneri amene akulankhula akuuzidwa kuti aleke ngati wina wokhala pansi walandira vumbulutso. Tisaiwale kuti kudziletsa kuli m'gulu la chipatso cha Mzimu yemweyo pa Agalatiya 5.

Kodi n'kulakwa kukayikira mawu a mneneri?

Si kulakwa, ndipo ndi udindo wa mpingo. Lamulo la pa ndime 29 likuti aneneri awiri kapena atatu alankhule, ndipo ena aweruze zimene zanenedwazo. Kwa Atesalonika Paulo analemba kuti asazime Mzimu, asanyoze mauneneri, koma ayese zonse n'kusunga chokoma. Yohane nayenso akuchenjeza kuti tisakhulupirire mzimu uliwonse. Choncho kuyamba ndi mawu akuti "atero Yehova" sikuchotsa munthu pansi pa kuyesedwa.

Poyesa, akulu a mpingo afunse ngati uthengawo ukugwirizana ndi Malembo, ngati ukulemekeza Yesu monga Ambuye, ndiponso ngati ukuchita ntchito zitatu zimene 1 Akorinto 14:3 akutchula: kumangirira, kulimbikitsa ndi kutonthoza. Deuteronomo 18 akuwonjeza kuti chimene mneneri wanena chikapanda kuchitika, mawuwo sanachokere kwa Mulungu.

Pano ndiyenera kutchula chimene chimandiwawa kwambiri. Pali mauneneri amene amaloza chala munthu pagulu kuti ndiye walodza m'bale wake, ndipo kawirikawiri wolozedwayo amakhala nkhalamba kapena mayi wamasiye wopanda womuteteza. Mawu otere amapasula mabanja, ndipo ena athamangitsidwa m'midzi mwawo kapena kuphedwa kumene chifukwa chonenedwa ufiti. Lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, la mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo kunenera zimenezi pa guwa sikusintha mlanduwo. N'chimodzimodzi ndi uthenga wouza wodwala kuti asiye mankhwala a kuchipatala, monga ma ARV, pofuna kuonetsa chikhulupiriro, kapena pemphero limene limayamba laikidwa mtengo wake. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamudzudzula mwamphamvu. Mtsogoleri amene wamva zotere aziimitse nthawi yomweyo, osadikira kuti chipembedzo chithe.

Nanga mapemphero amene onse amafuula nthawi imodzi?

Apa Akhristu oona mtima amasiyana maganizo. Ena amati pemphero la onse pamodzi limapita kwa Mulungu, kotero silisowa womasulira, pamene ena amati ndime 23 ya mutu 14, yonena za mlendo wosakhulupirira uja, ikuletsa zimenezi. Maganizo anga ndi akuti nthawi yotere ikhale ndi woitsogolera, ikhale ndi poyambira ndi pothera, ndipo mawu alionse opita kwa mpingo wonse adikire bata kuti amveke.

Ndani ayenera kusunga dongosolo limeneli?

Abusa ndi akulu a mpingo ndiwo oyamba, ndipo ntchito yawo yaikulu ichitike m'makalasi ndi m'maphunziro a Baibulo, chipembedzo chisanafike, kuti wolandira uthenga adziwiretu woti akamuuze ndi nthawi yoti alankhule. Amene walakwitsa aitanidwe padera ndi kulangizidwa mwaulemu, makamaka ngati ali wachinyamata amene wangoyamba kumene kutumikira, kupatula pamene mawu ake avulaza munthu pagulu, pakuti pamenepo kukonzako kuyeneranso kuchitika pamaso pa onse amene anamva.