Paipi ya giza ikamadontha musaitseke

Ambiri akaona madzi akudontha pa kapaipi kotuluka kukhoma kuchokera ku giza amati giza yabooka, ena mpaka amatseka kapaipiko ndi chitsekerero. Kumeneko ndi kudziputira ngozi.

Madzi akatentha amafufuma. Mu thanki ya giza ya malita 150, madzi ozizira akatenthetsedwa kufika madigiri 60 amawonjezereka ndi malita pafupifupi awiri. Thankiyo ndi yotsekeka ndipo imakhala yodzaza nthawi zonse, ndiye owonjezerekawo alowera kuti? Valavu, kachitseko kotulutsa madzi mphamvu ikachuluka mu thanki, imatseguka pang'ono n'kuwataya panja kudzera pa kapaipi kaja. Choncho kudontha pamene elementi ikutenthetsa madzi, makamaka anthu akangotha kusamba, ndi umboni woti valavu ikugwira ntchito. Mukatseka, mphamvu yonseyo imapanikiza thanki ndipo itha kung'ambika m'malo owotcherera.

Kudontha kodetsa nkhawa n'kosalekeza usana ndi usiku. Nthawi zambiri kumakhala kuti mchenga walowa mu valavu kapena labala yake yatha, ndipo pulambala amasintha mosavuta.

Koma mukaona madzi otentha kwambiri akukhuthuka pamodzi ndi nthunzi, dziwani kuti thermostat, kachipangizo kozimitsa elementi madzi akatentha mokwanira, yaleka kudula magetsi. Zimitsani giza pa bolodi ya magetsi nthawi yomweyo, musayatsenso mpaka katswiri aione.