Abigail sanaphe anthu a ku Salem yekha

Chaka ndi chaka ophunzira amandilembera zoti sewero la Arthur Miller, The Crucible, ndi nkhani ya mtsikana wabodza, Abigail Williams, amene anaphetsa anthu chifukwa cha nsanje. Ndatopa nazo. Abigail ndi wabodza ndithu, ndipo ankafuna mwamuna wa Elizabeth Proctor. Koma ku Salem, ku America, mu 1692 ananyonga anthu 19 pa milandu ya ufiti, ndipo Giles Corey anamupsinja ndi miyala mpaka kufa. Mtsikana alibe mphamvu zotere. Zikalata za imfa ankasaina ndi akuluakulu ophunzira bwino.

Amene amandimvetsa chisoni ndi Tituba, kapolo wa m'busa Parris. Abigail atapanikizidwa ndi mafunso a zoti iye ndi anzake anapezeka akuvina kunkhalango, akuloza Tituba, munthu wopanda womuikira kumbuyo m'mudzi wonsewo. Tituba akukana. Parris akumuopseza kuti amukwapula mpaka afe, Thomas Putnam akukuwa kuti anyongedwe. Mayiyo akugwada pansi n'kuvomera zomwe sanachite. Sakumusiyabe, akufuna atchule amene anawaona ndi Satana, ndipo maina a Sarah Good ndi Osburn akuyamba kutuluka pakamwa pa Putnam, Tituba akungotsatira. Sarah Good anali wopemphetsa. Mlandu ukutsetsereka ngati madzi ofuna chigwa.

Abigail waima pomwepo, waona kuti wovomera n'kutchula ena akupulumuka, wayamba naye kutchula. Khoti linayenda motero mpaka kumapeto: wovomera amakhala ndi moyo, wokana amanyongedwa. Rebecca Nurse, gogo wolemekezeka, anam'senzetsa imfa za makanda a Ann Putnam, mkazi wa Thomas uja, ndipo anafa chifukwa anakana kunama. Miller analemba seweroli mu 1953, America ikusaka achikomyunizimu, ndipo mu 1956 iye mwini anakana kutchula maina pamaso pa komiti ya aphungu.

John Proctor, mwamuna wa Elizabeth uja, musamuyeretse kwambiri. Abigail anamuuza pachiyambi pomwe kuti nkhaniyi ilibe ufiti. Mkazi wake anam'dandaulira kuti akanene kukhoti, iye n'kumazengereza poopa kuti chigololo chake ndi Abigail chiululika. Mmene ankapita, mkaziyo anali atamangidwa kale. Kumapeto woweruza Danforth akukana kuimitsa kunyonga poti anthu 12 anyongedwa kale, ndiye kukhululukira otsalawo kungaonetse kuti khoti linalakwa. Nkhani zotere zimazimitsika tsiku loyamba, akuluakulu asanaikepo ulemu wawo.

Nanga m'busa Hale, katswiri woitanidwa kuchokera ku Beverly atanyamula mabuku olemera? Munthu amene ntchito yake ndi kupeza mfiti sabwerera chimanjamanja. Hale anadzazindikira mochedwa, atasaina kale imfa za anthu ambiri. Kwathu kuno amenewa timawadziwa, asing'anga oitanidwa pamaliro kuti aloze amene wapha. Chala chawo sichigwera mwini golosale kapena mfumu, chimagwera gogo wamasiye wakumapeto kwa mudzi. Ku Neno mu 2016 okalamba anayi anaphedwa mtsikana atafa ndi mphenzi. Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti ngakhalenso kuitana woloza mfiti. Mukamva pamaliro anthu ayamba kunong'onezana dzina la munthu, musadikire kuti sing'anga afike, kauzeni apolisi tsiku lomwelo.