Milomo Yosagwirizana ndi Mawu m'Mafilimu a Kung Fu Si Vuto la Tepi

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti m'mafilimu oseketsa a kung fu, aja tinkaonera pa matepi a vidiyo, milomo ya osewera sinkayendera limodzi ndi mawu chifukwa matepiwo anali okopera kapena otha. Maganizo amenewa ndi olakwika, ngakhale kuti matepi okopera analipodi ambiri.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mafilimu ambiri a ku Hong Kong ndi ku Taiwan ankajambulidwa popanda kutenga mawu pamalo ojambulira, chifukwa kutero kunali kofulumira ndiponso kosaboola m'thumba. Mawu ankalowetsedwa pambuyo pake mu situdiyo, m'chilankhulo cha Cantonese kapena Mandarin, ndipo kawirikawiri wolankhulayo sanali munthu amene tikumuonayo. Pogulitsa kunja ankaikamo Chingerezi mothamanga, moti chiganizo chinkapitirira pamene mwini wake watseka kale pakamwa. Phokoso la zibakera nalonso linkawonjezedwa mu situdiyo momwemo.

Chimene tepi inkawononga kwenikweni ndi chithunzi, poti filimu yotambalala inkadulidwa m'mbali kuti ikwane pa wailesi yakanema yakale, ndipo nthawi zina mdani ankasowa n'kutsala phazi lake lokha.

Wofuna kutsimikiza apeze filimu yotereyi pa DVD yokhala ndi zilankhulo zingapo, aonere gawo limodzi m'Chingerezi kenako m'Cantonese, ndipo amvetsere mmene kulira kwa chibakera kumabwerezekera mofanana. Musanauze ena nkhani yoimba tepi mlandu, yambani mwayesa zimenezi nokha.